Funso la mwana wa ku Chilobwe



Kuno ku Kasinje mphepo timaidziwa. Dzuwa likaswa mtengo m'chigwa cha Bwanje mwezi wa Okutobala, kamvuluvulu amangodzuka pabwalo, kunyamula fumbi, mapesi ndi majumbo, ana n'kumamuthamangira akukuwa. Mvula yoyamba nayo sibwera yokha, imadza ndi chimphepo chake, ndipo kawirikawiri timamva kuti uko denga la sukulu lasasuka, uko la mzikiti, uko la tchalitchi. Zikatero timatola malatawo, kuwawongola ndi hamala, n'kukhomanso. Ine ndinakula ndikudziwa kuti za mphepo zimathera pomwepo, yaononga, yapita, anthu akhomanso malata. Maganizo amenewa anandichoka m'Ramadan ya 2023, ndipo anandichotsa ndi mwana wa zaka 9. Dzina lake sinditchula, chifukwa iye ndi mayi ake tikukhala nawo mpaka lero, ndipo ndinawapempha kaye ndisanalembe izi.

Ambiri mukukumbukira momwe zinalili. Namondwe wa Freddy anayambira kutali, kunyanja ya kufupi ndi Australia, kumayambiriro kwa Febuluwale 2023. Anawoloka nyanja yamchere yonse ija n'kugunda Madagascar pa 21 Febuluwale, Mozambique pa 24, kenaka n'kubwerera kunyanja ngati wapita, osadziwa kuti wakatenga mphamvu zina. Pa 11 Malichi anatulukiranso kumtunda cha ku Quelimane n'kulunjika kum'mwera kwa dziko lathu. Bungwe loona za nyengo padziko lonse la WMO linadzatsimikiza pambuyo pake kuti namondweyu anakhala masiku 36, ndipo m'mabuku awo mulibe wina amene anakhalitsa chotero. Ife kuno chomwe tinaona ndi mvula yosakata, magetsi kuzima, mafoni kutha moto, ndi mitsinje yotsika m'mapiri kudzaza mpaka m'minda. Nkhani tinkamvera pa wayilesi ya mabatire. Pa 13 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti m'chigawo cha kum'mwera mwagwa ngozi, kenaka n'kulamula masiku 14 olira maliro. Mayina amene ankamveka anali Chilobwe, Manja, Ntauchira ku Chiradzulu, Nkhulambe ku Phalombe, Muloza ku Mulanje, Makhanga ku Nsanje. Nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA, inkatulutsa ziwerengero tsiku ndi tsiku. Pofika kumapeto kwa mweziwo omwalira anali atapitirira 600, osowa opitirira 500, ndipo anthu oposa 650,000 anali atachoka m'nyumba zawo. Akuluakulu ankati ndi Napolo, n'kumakumbutsana za ku Phalombe m'Malichi 1991, pamene phiri la Michesi linatsitsira madzi ndi miyala pamidzi.

Ramadan inalowa patangopita masiku pafupifupi 10. M'mwezi umenewu madrasa yathu imasefukira, chifukwa ngakhale makolo omwe chaka chonse saikumbuka amatumiza ana awo, ndiye nkhope yachilendo siidabwitsa. Mnyamata wina wowonda anakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, wopanda kofia, wopanda juzuu. Ndinamufunsa dzina, anayankha motsitsa mawu, ndinalemba m'kaundula, basi. Kuti wachokera kuti sindinafunse. Sabata imeneyo ndinkaphunzitsa nkhani za Atumiki, ndipo tinafika pa Mtumiki Hud, mtendere ukhale pa iye, ndi anthu a Aad, amphamvu ndi odzitukumula aja, amene Allah anawaononga ndi chimphepo cha usiku 7 ndi masana 8. Mphunzitsi aliyense amadziwa kukoma kwake ukapeza chitsanzo chimene ana akuchidziwa kale. Ine ndinachipeza. Ndinati, "Mwamva zomwe zachitika ku Blantyre? Umo ndi momwe Allah amachitira anthu akachulutsa machimo. M'tauni muja mowa, chiwerewere, anthu osaswali. Lero phiri lawagwera." Ana anangoti zii, ine n'kumati phunziro lalowa. Mawu amenewa sindinawapeke ndekha. Ndinali nditawamva pamsika, m'minibasi, ndi m'mauthenga a pa WhatsApp omwe ankazungulira masiku amenewo, a Asilamu ndi a Akhristu omwe. Koma pakamwa pomwe anatulukira tsiku lija panali panga, pamaso pa ana.

Mawa lake mnyamata uja sanabwere, mkuja chimodzimodzi. Tsiku lachitatu, itatha swala ya Asr, kunafika agogo ena omwe ndimawadziwa kuyambira ndili mwana, anzawo a malemu mayi anga. Anakhala pakhonde, tinapatsana salamu, tinafunsana za swaumu, kenaka anati, "A mwalimu, mdzukulu wanga uja mwamuuza chiyani? Akukana kubwera kuno, usikunso sakugona." Ndinati sindikukumbuka kuti ndamukalipira. Iwo anati, "Kukalipira ayi, mwanangu. Akuti mwanena kuti bambo ake Allah wawalanga."

Bambo a mwanayo anali telala. Ankasoka pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo banjalo linkachita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri ku Chilobwe, kumtunda, m'mbali mwa phiri la Soche. Usiku wotulukira Lolemba pa 13 Malichi, madzi atayamba kulowa m'nyumba, anatulutsa mkazi wawo ndi ana awiri n'kuwatsitsira kwa mnzawo wina wa kumunsi. Atawasiya anati akukatenga mutu wa makina osokera, chifukwa ukalowa matope ndiye kuti banja lonse lalowa m'njala. Sanabwerenso. Kutacha, pomwe panali nyumbayo ndi za anansi panali miyala ikuluikulu ndi matope. Anthu ankakumba ndi makasu, ena ndi manja. Mayiwo anayenda masiku angapo ku mochale ya ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth, kuvundukula nkhope za anthu, madzulo n'kubwerera kumsasa wa pasukulu komwe ankagona. Anansi ena anapezeka, amuna awo sanapezeke. Dziko linali kale pamliri wa kolera, womwe pofika nthawiyo unali utapha anthu oposa 1,600, ndipo mayiwo ataona kuti mwana wamng'ono wayamba kutsegula m'mimba anachita mantha. Alongo awo anawatumizira ndalama ya basi pafoni, n'kubwerera kumudzi kuno komwe anachoka kale pokwatiwa, atanyamula ana awiri ndi bulangete limodzi la kumsasa.

Usiku womwewo nditafutulu ndinapita kwawo. Mayiwo anandiyalira mkeka, n'kundilandira ndi ulemu womwe sunkandiyenera. Mnyamatayo anamuitana, anadzakhala chapatali akuseweretsa kamtengo m'dothi. Ndinayamba kuyankhula mozungulira, monga timachitira akuluakulu tikalakwira mwana, kuti sindinkadziwa, kuti sindinkanena za bambo ake. Iye zimenezo sanazilabadire. Anati, "A mwalimu, ku madrasa kwathu anatiphunzitsa kuti munthu akamwalira amasambitsidwa, amavekedwa sanda, amaswaliridwa, n'kuikidwa moyang'ana ku Qibla. Ababa sanasambitsidwe. Sanaikidwenso. Ndiye tsiku la Qiyama Allah akawapeza kuti?"

Malamulo a janaza ndinawaphunzira bwino, ndipo ndikhoza kukuwerengerani zofunika pakusambitsa, nsalu za sanda ya mwamuna ndi ya mkazi, ndi ma takbir anayi a swalayo popanda kuyang'ana m'buku. Koma funso ili palibe anandikonzekeretsa. Ndinakhala kanthawi, kenaka ndinamufotokozera nkhani ija ya m'ma hadith, ya munthu amene poopa Mbuye wake analamula ana ake kuti akafa amutenthe, phulusa lake alimwaze pamtunda ndi m'nyanja. Allah analamula mtunda ndi nyanja kubweza zomwe zinatenga, munthuyo anaimirira wathunthu, ndipo anakhululukidwa. Ndinamuuza kuti amene anasonkhanitsa phulusa lomwazika sangasowe munthu wogona pansi pa miyala ya Soche. Ndinamuuzanso zomwe zili m'mabuku a Imam Bukhari ndi Imam Muslim, kuti Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anaika womira m'madzi ndi wogweredwa ndi nyumba m'gulu la mashahidi. Mwanayo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuponya kamtengo kaja. "Nanga anthu a Aad aja? Inu munati n'chimodzimodzi."

Panalibe kothawira. Ndinati, "Pamenepo ndinalakwitsa. Si chimodzimodzi." Mayi ake anayang'ana kumbali, mwina kundichitira manyazi. Mwanayo sananene kanthu, anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Usiku umenewo Taraweeh ndinaswali mtima uli kwina. Za anthu a Aad timadziwa kuti chinali chilango chifukwa Allah Mwini wake anatiuza, ndipo anali atawatumizira Mtumiki amene anawachenjeza iwo n'kumukana. Za Chilobwe ndani analandira wahyi? Ine ndinatenga nkhani yomwe Allah anaitsekera pa anthu amodzi n'kuiveka anthu ena omwe sindinawaonepo nkhope. Zitsanzo zondiletsa ndinali nazo m'mutu kale, kungoti sizinkakoma pophunzitsa ngati chitsanzo cha phiri. Tsiku lomwe Ibrahim, mwana wa Mtumiki, anamwalira, dzuwa linagwidwa ndi kadamsana, anthu n'kuyamba kunena kuti lada chifukwa cha imfayo. Mtumiki, ali pachisoni chotero, anaimirira n'kuwakonza kuti kadamsana sabwera chifukwa cha imfa kapena kubadwa kwa munthu. Kumasulira kumeneko kukanamukweza iyeyo, koma anakukana. M'nthawi ya Khalifa Umar, Allah asangalale naye, mliri wa ku Amwas unapha anthu ambirimbiri ku Shaam, ndipo pakati pawo panali Abu Ubaida ibn al-Jarrah, mmodzi mwa Maswahaba 10 olonjezedwa Jannah, komanso Muadh ibn Jabal. Ndani angalimbe mtima kunena kuti amenewa analangidwa? Mayi Aisha anafotokozanso kuti Mtumiki akaona mitambo yakuda kapena mphepo nkhope yake inkasintha, n'kumalowa ndi kutuluka mpaka mvula itagwa. Mantha ake ankayang'ana kwa iye mwini ndi anthu amene anali nawo, sankaloza chala mudzi wa anthu ena. Ine mantha amenewo ndinalibe tsiku lija. Ndinali pamalo ouma, denga lili pamutu, n'kumagawa zigamulo.

Palinso china chimene ndinachiphunzira ku sekondale m'phunziro la jogalafe, chomwe ndinachisiya pakhomo polowa m'madrasa ngati nsapato. Phiri lokhala ndi mitengo limamwa madzi pang'onopang'ono, mizu n'kugwira dothi. Mitengo ikatha, mvula ya masiku atatu imalowa m'dothi mpaka dothilo kulemera kuposa momwe lingadzigwirire pathanthwe, kenaka limatsetsereka ndi miyala yomwe. Soche, monga mapiri enanso a Blantyre, anali atametedwa kwa zaka zambiri ndi nkhwangwa za nkhuni ndi makala komanso makasu a minda. Ndipo anthu sakwera kukamanga m'mbali mwa phiri chifukwa chokonda machimo. Amakwera chifukwa kumunsi lendi ndi yokwera, ndipo telala wa pakhonde sangaikwanitse. Madzi sanasankhe woledzera n'kusiya woswali. Anatsata chigwembe, ndipo m'chigwembemo munali amene ndalama zawo zinawafikitsa pamenepo. Ngati pankhaniyi pali tchimo la manja a anthu, ndiye n'lalikulu moti tonse tikwanamo. Imani pamsewu wa M5 pano muwerenge matumba a makala omwe akudikira magalimoto, kenaka mutembenuke muyang'ane mapiri a kumadzulo kwathuku, omwe agogo athu amati kale munthu sankalowamo yekha. Futali ya maungu yomwe ndinadya usiku umenewo inaphikidwa pambaula, ndipo makalawo ndinagula ndine.

Loweruka ndinaimirira pamaso pa ana onse n'kubweza mawu anga. Ndinawauza kuti zomwe ndinanena za Blantyre zinali zolakwika, kuti mwalimu nayenso amalakwitsa, ndipo ndinawaphunzitsa za womira ndi wogweredwa ndi nyumba. Bambo wina atamva anandipeza pamzikiti n'kunena kuti ndadzichotsa ulemu, ana sadzandiopanso. Mwina ananena zoona pang'ono, chifukwa kuyambira pamenepo amandifunsa mafunso ambiri. Mnyamata uja anabwerera Lolemba, n'kukakhala pamalo pake pafupi ndi chitseko.

Ndinkaganiza kuti nkhaniyo yathera pomwepo, malata akhomedwanso. Koma apa m'pamene inkayamba.

Choyamba chinali swala. Mwanayo ankafuna bambo ake aswaliridwe, ndipo ndinapita nayo nkhaniyi kwa a Shehe athu, munthu wamkulu amene anandiphunzitsa ine alif ndi baa. Swala ya janaza ya munthu yemwe thupi lake palibe ilipo, timaitcha ya ghaib, ndipo Mtumiki anaiswali ku Madina atamva za imfa ya Najashi, mfumu ya ku Habasha. Koma a Shehe anandikumbutsa kuti ma ulama anasiyana pa munthu amene sanasambitsidwe. Ambiri a madhhab ya Shafi'i, yomwe ambirife timatsatira, anati swalayo imadza pambuyo pa kusambitsa, pamene ena anati chimene chalephereka sichigwetsa chimene chingatheke. Panalinso vuto lina loposa la m'mabuku. Apongozi a mayi uja, mayi ake a telalayo, anatumiza uthenga kuchokera kwawo kuti mwana wawo asaswaliridwe, chifukwa palibe waona mtembo wake. Iwo ankakhulupirira kuti mwina anavulala m'mutu n'kuiwala kwawo, ndipo tsiku lina adzatulukira. Mayi wotero simungamutsutse ndi buku. A Shehe anaganiza masiku awiri, kenaka m'masiku 10 omaliza a Ramadan, itatha Ijumaa, anaimika anthu n'kunena kuti tiswalira Asilamu onse amene anamwalira ndi namondwe, opezeka ndi osapezeka, popanda kutchula dzina la munthu. Inali nthawi yomwe Pulezidenti anali atanena kale kuti chiwerengero cha omwalira chapitirira 1,000. Mnyamatayo anaima m'mzere woyamba pakati pa ine ndi amalume ake. Sanalire. Pa takbir yachinayi anachedwa kutsitsa manja.

Chachiwiri n'chimene sichinathe mpaka lero. Mayi uja ndi ndani, mkazi wa mwini kapena wamasiye? Mwamuna akamwalira poonekera, mkazi amakhala edda ya miyezi 4 ndi masiku 10, chuma chimagawidwa, ndipo pambuyo pake ali ndi ufulu wokwatiwanso. Wosowa, amene m'mabuku a fiqh amatchedwa mafqud, ali ndi malamulo ena. Khalifa Umar anagamula kuti mkazi wake adikire zaka 4, kenaka akhale edda. Ma ulama ena anati woweruza angathe kulamula kuti munthuyo wamwalira ngati umboni wonse ukuloza komweko, ndipo phiri logumukira panyumba ndi umboni wosachepa. Koma kwathu kuno zoterezi zimathera pamkeka, pakati pa a Shehe, ankhoswe ndi mabanja awiri, ndipo banja limodzi likakana kukhala pamkekapo palibe chimayenda. Mayiwo anasankha kusakangana ndi apongozi awo. Anati adikira. Zaka 4 zidzakwana m'Malichi 2027. Tsiku lina ndikuwapatsa lipoti la mwana anandiuza kuti, "A mwalimu, akazi anzanga amene anaika amuna awo analira n'kumaliza. Ine ndikalira anthu amati ndataya chiyembekezo, ndikaseka amati ndaiwala." Ndinalibe yankho, ndipo sindinayesere kulipeka. Anthu opitirira 500 amene sanapezeke aja, aliyense anasiya wina wake pamalo ngati amenewa.

Za thandizo nazo zili ndi mbali yomwe sitinkaiona. Dziko linathandizana ndithu, ndipo zimenezo sizoiwala. Boma linayambitsa ntchito ya Tigwirane Manja, atsogoleri akale a Bakili Muluzi ndi mayi Joyce Banda anasankhidwa kukhala akazembe opempha thandizo, mizikiti ndi matchalitchi anasonkha ufa, zovala ndi ndowa. Ifenso pano tinasonkha, n'kutumiza kum'mwera. Koma thandizo limatsata kaundula, ndipo kaundula anali kumsasa. Mayi uja pochoka kumsasa pofuna kupulumutsa mwana ku kolera, dzina lawo linatsala komweko. Atapita ku ofesi ina kukafunsa anauzidwa kuti okhudzidwa amalembedwa komwe ngozi inawapeza, ndipo ndalama ya basi yobwerera ku Blantyre analibe. Ndiye zinali chonchi: ife tikukweza matumba a ufa pagalimoto yopita kwa anthu a Freddy, munthu wa Freddy ali kuseri kwa mzikiti wathu akudyera m'mbale ya mayi ake okalamba. Namondwe sanagwetse nyumba yawo ya kumudzi, koma anaithira anthu atatu oonjezera pankhokwe yomwe inkakwanira munthu mmodzi. Munda womwe unali gawo lawo unali utalimidwa ndi achibale kwa zaka zonse zomwe anali m'tauni, ndipo kuubweza kunafuna milandu ya pabanja yomwe inasiya anthu ena osayankhulana. Sindikukhulupirira kuti Kasinje yekha ndiye analandira anthu otere. Aliyense amene anafera ku Chilobwe anali ndi kumudzi kwawo.

Kenaka zinthu zinangotsatizana. M'Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya feteleza ndi sopo n'kuuluka. Dzinja lotsatira kunabwera ng'amba ya El Niño, chimanga n'kupserera chisanabereke, moti pa 23 Malichi 2024 Pulezidenti analengezanso za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28. Mayi amene chaka chapitacho anathawa madzi, chaka chimenecho ankayang'ana kumwamba kupempha dontho. Munda woyamba umene analima ndi manja awo sunawapatse chokwanira ngakhale miyezi itatu. Lero amakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pamsewu, masiku ena amapita ku ganyu.

Pano ndiyenera kunena za ife, jamaa ya pamzikiti, ndipo ndikudziwerengera momwemo. Ramadan ya 2023, nkhani yawo itadziwika, mbale za futali zinkachita kuguguda pakhomo pawo. Pa Eid ana anavala zatsopano, zakaatul fitr inawakwanira mpaka kugawirako anansi. Ramadan ya 2024 mbale zinachepa. Njala inali paliponse, n'zoona, koma chifukwa china n'chakuti tinali titawazolowera. Sanalinso anthu a namondwe, anali osauka wamba a m'mudzi, ndipo osauka wamba sitiwathamangira. Ine mwini ndinazindikira mochedwa kuti mnyamata uja wasiya kupita ku pulayimale milungu itatu chifukwa cha yunifolomu yong'ambika, mwana wa telala. Zakaat ili ndi magulu 8 oilandira, ndipo palibe paliponse pomwe panalembedwa kuti munthu amatuluka m'gulumo wayilesi ikasiya kumutchula. Chaka chino tagwirizana pamzikiti kuti m'malo mwa ufa wa tsiku limodzi tisonkhe pang'onopang'ono mpaka tipeze makina osokera akale. Mayiwo ankathandiza amuna awo kupinda ndi kusoka mabatani, ndipo akuti zotsalazo aphunzira. Ndalamayo sinakwane, tili pakati.

Mnyamatayo pamaphunziro ali bwino, wadutsa anzake ambiri amene anawapeza. Koma mvula ikayamba kugunda malata a madrasa mawu ake amazima. Amatseka Qur'an, kuiika pachifuwa, n'kumayang'ana chitseko. Poyamba ndinkamuuza kuti apitirize kuwerenga, kuti Qur'an imakhazika mtima pansi. Kenaka ndinazindikira chifukwa chake anasankha malo a pachitseko tsiku loyamba lija, ndipo ndinasiya kumusuntha. M'Disembala 2024, wayilesi italengeza kuti namondwe wina, wa Chido, akubwera, sanagone m'nyumba. Amalume ake anamupeza m'bandakucha atakhala panja pansi pa mtengo wa mango, atagwira dzanja la mlongo wake wamng'ono. Anandifunsapo kamodzi ngati mapiri a kumadzulo kwathu angagwe ngati Soche. Ndinamuuza kuti ife tili kutali ndi tsinde lake, koma amene ali pafupi ayenera kusamala, ndipo mitengo ikupita. Kunama kwa iye ndinasiya.

Chaka chino tsiku la 13 Malichi lagwera mkati mwa Ramadan. Mwanayo tsopano ali ndi zaka 11, ndipo aka n'koyamba kufunga masiku athunthu, akudzuka yekha pa daku. M'sabata yoyamba ya mweziwu kunachitika maliro a bambo wina wachikulire wa m'mudzi mwathu. Tili kuseri kwa nyumba kukonza zosambitsira, ndinamuona ataima pampanda. Anandikodola n'kunena kuti, "A mwalimu, ndiphunzitseni kusambitsa maliro." Ndinamuuza kuti akadali mwana, adikire akule. A Shehe anamva. Anati, "Musiyeni. Kosambitsa asalowe, koma atunge madzi, ndipo sanda adule ndi iyeyu."

Tinayala nsalu yoyera pamkeka, ine ndinayeza ndi chingwe n'kuika zizindikiro, n'kumupatsa sizasi. Anaigwira mwa njira yomwe sindinamuphunzitse, chala chimodzi chotsogola, dzanja lamanzere likukoka nsalu kuti iwongoke. Anadula nsalu zitatu zonse osakhota. A Shehe anamufunsa kuti anaphunzira kuti. Iye anati Loweruka lililonse ankapita nawo ku Limbe kukagwira nsalu ababa akamadula. Kenaka anapinda tizidutswa totsala, n'kunyamula ndowa kupita ku mjigo.